Kodi liwu lakuti "hirsute" linachokera kuti, nanga likukhudzana bwanji ndi zimene analemba adokotala?

Funso: Ndine mphunzitsi wa Chingerezi pasekondale ina ku Balaka. Mwana wina wa Fomu 4 anakumana ndi liwu lakuti hirsute m'nkhani ya m'nyuzipepala yonena za wosewera mpira wandevu zambiri. Ndinamuuza kuti n'chimodzimodzi ndi hairy, ndiponso kuti mawu awiriwa ayenera kuti ndi apachibale poti akumveka mofanana. Pasanapite nthawi mlongo wanga, amene wakhala akuvutika ndi ndevu pachibwano, anabwera kuchokera kuchipatala atamulembera hirsutism m'kabuku kake. Kodi ndi liwu lomweli? Linachokera kuti? Nanga mwana uja ndinamuuza zoona?

Yankho: Aphunzitsi, pa tanthauzo simunamusocheretse mwanayo. Mtolankhani akati wosewera mpira ndi hirsute akutanthauza kuti ndi wacheya kapena wandevu zambiri, ndipo akanalemba hairy uthenga ukanafika womwewo. Koma za chibalezo mukakonze mukakumana nayenso, chifukwa hair ndi hirsute si apachibale. Kufanana kwa kamvekedwe kawo kunangochitika mwangozi. Hair ndi liwu la pakhomo la Chingerezi, limene makolo a Angerezi anawoloka nalo nyanja zaka pafupifupi 1,500 zapitazo pochoka kumadera amene lero ndi kumpoto kwa Germany ndi Denmark. N'chifukwa chake Ajeremani mpaka lero amati Haar, Adatchi nawonso haar. Hirsute ndi lobwera. Linatengedwa ku liwu la Chilatini lakuti hirsutus, ndipo linayamba kuoneka m'mabuku a Chingerezi cha m'ma 1620. Silinalowe kudzera pakamwa pa anthu a kumsika kapena kumunda ayi. Analitola m'mabuku ndi anthu ophunzira, ndipo mpaka pano likadali liwu limene munthu amakumana nalo powerenga kusiyana ndi pocheza.

Katchulidwe kake ana asavutike nako: chiyambi chimamveka ngati her, mapeto ngati suit. A ku Britain ambiri amalowetsa ka y pakati, her-syoot, pamene a ku America amangoti her-soot. Alipo anthu amene amanena kuti linachokera ku hair suit, ngati kuti munthu wavala suti ya tsitsi. Imeneyo ndi njira chabe yothandizira kukumbukira tanthauzo, si mbiri ya liwuli.

Liwu la m'kabuku ka alongo anu linaphuka pa liwu lomweli, kungoti madokotala analiikira malire akeake. Ndifikako, ndipo ndikhalitsapo chifukwa ndi kumene kuli munthu amene akuvutika. Koma tiyambe tapita kwa Aroma, popeza chimene iwo ankamva m'liwuli ndicho chimamasula zonse zotsatira.

Kwa Mroma, hirsutus sichinali chinthu chongokhala ndi tsitsi. Mwana wamkazi wa tsitsi lalitali lopesa bwino sakanatchedwa choncho. Liwuli linkanena za tsitsi kapena ubweya wokhakhala, woima, wa nyankhalala, umene ukaugwira umakukanda m'manja: ubweya wa tonde, wa nguluwe, chifuwa cha munthu wa kubusa, nsidze zothithikana. Linkapitirira ngakhale pa nyama. Wolemba ndakatulo Virgil, m'ndakatulo zake za abusa, analigwiritsa ntchito ponena za mtedza wa m'mitengo umene Angerezi amati chestnut, chifukwa chikhokho chake ndi cha minga yokhayokha. Pamenepo palibe tsitsi ngakhale limodzi, pali kubaya basi. Ndiyeno Ovid, wolemba ndakatulo winanso wa Chiroma, amene Mfumu Augustus inamupirikitsira ku Tomis m'mphepete mwa Black Sea m'chaka cha 8 A.D., polemba kuchokera kumeneko ananena za ndakatulo zakale za Ennius kuti palibe china choposa izo pa kukhala hirsutus. Sankanena za ubweya. Ankatanthauza kuti kalembedwe kake n'kosasalala, kosapalidwa, ka anthu akale amene anali asanaphunzire kusalaza mawu. Choncho mtima wa liwuli ndi kukhakhala, ndipo tsitsi linangokhala chinthu chimene kukhakhalako kumaonekera kwambiri.

Pafupi ndi hirsutus pali liwu lina la Chilatini, hirtus, la tanthauzo pafupifupi lomwelo. Akatswiri ambiri a mbiri ya zilankhulo amalumikiza awiriwa ndi mneni wakuti horrere, ngakhale ena amachenjeza kuti kusiyana kwa mavawelo, i uku ndi o uko, sikunafotokozedwe mokwanira, n'chifukwa chake madikishonale osamala amalemba kuti mwina. Ine ndili kumbali ya amene amati chibalecho chilipo, chifukwa matanthauzo ake amagwirana kwambiri. Horrere poyamba ankatanthauza kuima kwa tsitsi kapena ubweya. Onani mphaka akakumana ndi galu pakhonde: msana wapindika, ubweya wonse waima, mchira watupa kuwirikiza kawiri. Ndi horrere ameneyo. Ifenso timatero. Patsinde pa tsitsi lililonse, mkati mwa khungu, pali kamnofu kakang'ono kamene kamakokeka munthu akazizidwa kapena akagwidwa mantha. Tsitsi limadzuka, khungu n'kutuluka timatuza tating'onoting'ono, ndiye timati thupi lachita tsemwe. Aroma anaona kuti mantha ndi kuima kwa tsitsi zimayendera limodzi, motero mneni uja anayamba kutanthauzanso kunjenjemera ndi mantha. Apo ndi pamene panachokera horror, horrible ndi abhor zimene ana anu amazidziwa kale. Ngakhale horrid, amene lero amatanthauza chinthu chonyansa kapena choipa, atangolowa kumene m'Chingerezi ankatanthauza chinthu cha ubweya woima. Ndipo madokotala ali ndi dzina lawo la tsemwe, horripilation, limene analumikiza horrere ndi pilus, liwu wamba la Chilatini la tsitsi limodzi. Ngati mukufuna kupatsa mwana uja m'bale weniweni wa hirsute m'Chingerezi, m'patseni horror, osati hair.

Nanga Angerezi ankalifuniranji liwu lachilendo pamene hairy anali nalo kale kuyambira cha m'ma 1300? Yankho lili m'nyengo imene linalowa. Chingerezi chinali chitameza kale mawu ambirimbiri a Chifalansa kuchokera pamene Anormani analanda England mu 1066. Kenako William Caxton anakhazikitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, mabuku anachuluka, ndipo anthu amene anaphunzira zonse m'Chilatini anayamba kulemba za mankhwala, zomera, malamulo ndi zaumulungu m'chilankhulo cha kwawo. Ankaona ngati Chingerezi n'chosauka, ndiye ankangotenga liwu la Chilatini, kulidula mchira, n'kuliika m'chiganizo. Hirsutus anangomuchotsa us, n'kuika e. Pakati pa 1500 ndi 1650 mawu masauzande analowa mwa njira imeneyi, mpaka ena anakwiya nazo. Ankawatcha inkhorn terms, kutanthauza mawu otuluka m'kabotolo ka inki osati m'kamwa mwa anthu, ndipo Thomas Wilson anawadzudzula m'buku lake la luso la kulankhula mu 1553. Dikishonale yoyamba ya Chingerezi chokhachokha, ya Robert Cawdrey ya mu 1604, inali ya mawu ovuta pafupifupi 2,500, yothandiza anthu wamba amene anali atayamba kusokonezeka ndi chilankhulo chawo chomwe. Ambiri mwa mawu obwerawo anafa. Hirsute anapulumuka, ndipo ndikuganiza kuti chinamupulumutsa ndi ntchito imene anaipeza kwa akatswiri a zomera ndi madokotala.

Pali umboni wina wosavuta kuuona wosonyeza malo a liwu lililonse mwa awiriwa. Munthu wacheya wodziwika kwambiri kwa ife tonse ndi Esau, amene Yakobo anachita kuvala zikopa za ana a mbuzi m'manja ndi m'khosi kuti bambo wake Isake amuyese mkulu wakeyo. Baibulo la Chingerezi la King James la mu 1611, pa Genesis 27:11, limati Esau anali hairy. Omasulirawo ankafuna mawu oti mlimi akamva m'tchalitchi amve, ndipo mabaibulo a Chingerezi amene anabwera pambuyo pake, hirsute atalowa kale, sanasinthe. Ngakhale Jerome, pomasulira Baibulo m'Chilatini cha m'ma 400 A.D., pa vesi limeneli anasankha pilosus, ndipo pa kubadwa kwa Esau, Genesis 25:25, anaika hispidus. Chilatini chinali ndi mawu angapo a cheya, lililonse ndi kakomedwe kake, ndipo Chingerezi chinadzawatenga pafupifupi onse.

Lero m'nkhani wamba hirsute amanenera makamaka mwamuna: chifuwa, mikono, ndevu. Atolankhani a ku Britain amalikonda akafuna kuseka pang'ono mwaulemu, chifukwa kuika liwu lalikulu la Chilatini pa chinthu wamba ngati ndevu kumaseketsa mwa iko kokha. Mosakayika ndi mmene linalowera m'nkhani ya wosewera mpira uja. Silinenedwa pa mphaka, amene ndi furry, kapena pa nkhosa, imene ndi woolly. Silingalowenso m'malo mwa hairy paliponse, chifukwa Mngerezi akati ulendo unali hairy akutanthauza kuti unali woopsa, ndipo palibe amene angati ulendo unali hirsute. Ana anu ndingawalangize kuti alidziwe kuti akakumana nalo pa mayeso asadodome, koma polemba chimangirizo hairy ndi wokwanira. Ndimadandaula ndikaona mwana akuthira mawu akuluakulu m'chiganizo pofuna kuoneka wophunzira, mfundo yake n'kumira. Chinanso muwauze mosabisa: kunena mkazi kuti ndi hirsute si nthabwala, n'chipongwe, chifukwa pa mkazi liwuli limakhudza nkhani ya kuchipatala.

Ife m'Chichewa zinthuzi tinazigawa mwanjira yathu. Tsitsi ndi la kumutu, ndevu ndi za kuchibwano, nsidze ndi za kumaso, cheya ndi cha m'thupi la munthu, ubweya ndi wa nyama ngakhale timaubwereka ponena za munthu. Chingerezi chonsecho chimangoti hair. Pomasulira hirsute, ndiye, muyang'ane kaye chimene chikunenedwa. Wosewera mpira uja ndi wandevu zambiri. Wina wovula malaya pachithunzi ndi wacheya. Tonde ndi waubweya.

Tsopano poti muli ku Balaka, liwuli muli nalo pafupi kuposa mmene mukuganizira. Thonje limene alimi amalima kwanuko, ku Salima ndi ku Chigwa cha Shire dzina lake la sayansi ndi Gossypium hirsutum. Anatcha dzinali ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1763. Mtundu umenewu kwawo ndi ku Mexico ndi ku Central America, ndipo lero ndi umene umapereka pafupifupi 90 peresenti ya thonje lonse la padziko. Mathero asinthawo asakudabwitseni. Afotokozi a Chilatini amagwirizana ndi dzina limene akulifotokoza, monga ife timati munthu wacheya koma chinthu chacheya: hirsutus pa dzina lachimuna, hirsuta pa lachikazi, hirsutum pa losakhala mbali iliyonse. Mukapita ndi ana kumunda wa thonje nthawi ya dzinja, athyole tsamba limodzi, alitembenuze, ayendetse chala kunsi kwake ndi paphesi lanthete. Adzamva ticheya tolimbirako, ndipo akaliyang'anitsa padzuwa adzationa tikuwala m'mbali mwa mitsempha ya tsambalo.

Ticheya timeneti si tokongoletsa. Pali tizilombo tating'ono tobiriwira totchedwa majasidi timene timakhala kunsi kwa masamba a thonje n'kumayamwa madzi ake; tsamba limayamba chikasu m'mphepete, limafiira, limapindikira pansi, mbewu n'kupinimbira. Tsamba likakhala ndi cheya chambiri chachitali, kachilomboka kamavutika kufika pakhungu la tsamba kuti kayamwe kapena kuikira mazira. M'zaka za m'ma 1920 majasidi anatsala pang'ono kuthetsa ulimi wa thonje kum'mwera kwa Africa, mpaka F. R. Parnell, pa malo ofufuzira za thonje ku Barberton m'dziko la South Africa, anasankha mbewu ya masamba acheya yotchedwa U4 imene inkapirira, ndipo inafalikira m'maiko angapo a chigawo chino. Kuyambira pamenepo obereketsa mbewu za thonje za mu Africa amayang'ana cheya cha tsamba ngati chinthu chofunika. Zili ndi kuipa kwake, chifukwa tsamba lacheya kwambiri limakopa ntchentche zoyera ndipo zinyalala zake zimakakamira ku thonje, choncho amafunafuna mlingo wapakati.

Kwa akatswiri a zomera, hirsute si liwu loseketsa ngakhale pang'ono. Ndi muyeso. Limatanthauza cheya chachitali ndithu, chokhakhala, cholimbirako koma chosabaya. Chikalimba mpaka kumakanda amati hispid, kuchokera ku hispidus uja wa Esau, ndipo mayi aliyense amene amasadzula nkhwani amachidziwa m'zala zake. Chikakhala chachifupi chofewa amati pubescent, chachitali chofewa amati villous, chopotana chothithikana ngati bulangete amati tomentose, ndipo tsamba losalala lopanda kanthu ndi glabrous. Pali pilose, wa ku pilus uja, amene ali m'dzina la ndiwo imene timadya: chisoso ndi Bidens pilosa. Ndipo pilus yemweyo anabisala m'liwu limene mwana wa Sitandade 5 amalidziwa, caterpillar, lochokera ku Chifalansa chakale chatepelose, kutanthauza mphaka waubweya. Amene anakhudzapo chiyabwe sangafunse chifukwa chake.

Tibwere kwa alongo anu. Ntchito yanga ndi ya mawu, ndipo zimene ndinene pano sizikulowa m'malo mwa adokotala amene anawaona, koma liwu limene linalembedwa m'kabukuko lili ndi tanthauzo lodziwika bwino lomwe iwo ayenera kulimva m'chilankhulo chawo. Hirsutism si kungokhala ndi cheya chambiri. Ndi pamene mkazi akumera tsitsi lokhuthala, lakuda, lolimba m'malo amene nthawi zambiri limamera mwa amuna: pamwamba pa mlomo, pachibwano, pachifuwa, pamimba, kumsana, m'ntchafu. Mukuona kuti tanthauzo lakale la Aroma labwereranso apa. Nkhani si kuchuluka kwa tsitsi, ndi mtundu wake. Thupi lonse la munthu, kupatula zikhatho, mapazi kunsi ndi milomo, lili ndi ticheya tofewa tosaoneka bwino timene madokotala amati vellus, liwu la Chilatini la ubweya wa nkhosa. Mahomoni otchedwa androgens, amene testosterone ndi wodziwika kwambiri mwa iwo, ndi amene amasandutsa kacheya kofewako kukhala tsitsi lokhakhala. Mkazi aliyense ali nawo mahomoni amenewa pamlingo wochepa, opangidwa m'timatumba ta mazira ndi m'tiziwalo tokhala pamwamba pa impso. Akachulukirako, kapena khungu likakhala lomva msanga mphamvu yawo ngakhale mlingo uli wabwinobwino, ndevu zimatuluka. Mizu ya tsitsi siiwonjezereka, ndi yomwe ija anabadwa nayo. Chimasintha ndi tsitsi limene mizuyo ikutulutsa.

Pali ndi njira yoyezera. Mu 1961 madokotala awiri a ku England, Ferriman ndi Gallwey, anakonza ndondomeko yoyang'ana malo 11 a thupi. Imene ikugwira ntchito masiku ano inatsitsidwa kufika pa malo 9, ndipo malo alionse amapatsidwa nambala kuyambira 0, popanda tsitsi lokhakhala, mpaka 4, pamene lamera ngati la mwamuna wacheya. Zonse pamodzi sizipitirira 36, ndipo kawirikawiri kuyambira pa 8 ndi pamene amati ndi hirsutism, ngakhale malirewo amasintha potengera mtundu wa anthu, popeza akazi a ku East Asia mwachibadwa ali ndi cheya chochepa poyerekeza ndi a ku Middle East kapena a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Izi zikutanthauza kuti titsitsi tiwiri titatu pachibwano, timene amayi ambiri amationa makamaka akasiya kusamba, patokha si matenda. Koma vutoli lenileni si lachilendo: limapezeka mwa akazi 5 mpaka 10 pa 100 alionse a msinkhu wobereka. Pa sukulu yanu yomweyo, pakati pa aphunzitsi ndi atsikana a Fomu 3 ndi 4, alipo amene akuzula ndevu mobisa m'mawa uliwonse.

Choyambitsa chachikulu, mwa akazi oposa 7 pa 10 alionse amene ali ndi vutoli, ndi chimene madokotala amachitcha PCOS (polycystic ovary syndrome), vuto la mahomoni lokhudza timatumba ta mazira, chimene Irving Stein ndi Michael Leventhal a ku Chicago anachifotokoza mu 1935. Mazira sakhwima ndi kutuluka mwezi ndi mwezi monga mwa nthawi zonse, msambo umadumphadumpha kapena kusowa miyezi ingapo, ziphuphu zimachuluka, ena amanenepa, ena amavutika kutenga pakati. Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti PCOS imayenda limodzi ndi kusamva bwino kwa thupi mphamvu ya insulini, choncho mkazi amene ali nayo ali pachiopsezo chachikulu cha matenda a shuga m'tsogolo. Ichi ndi chifukwa chake sindifuna kuti alongo anu aone ngati liwu la m'kabukuko ndi dzina chabe la ndevu. Ndevuzo ndi chizindikiro chooneka cha zimene zikuchitika mkati, ndipo zamkatizo ndi zimene zikufunika kuyezedwa. Mwa akazi ena mahomoni amapezeka ali bwinobwino, msambo uli m'malo mwake, kungoti n'za kumtundu, azakhali ndi agogo analinso choncho. Mwa ochepa kwambiri choyambitsa chimakhala vuto la tiziwalo ta pa impso tija kapena chotupa. Zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kuchipatala ndi izi: tsitsi kumera mofulumira m'miyezi yochepa chabe, mawu kuyamba kukhala a besi, dazi kuyamba pamphumi, minofu kusintha.

Pali liwu lina limene limasokonezedwa ndi limeneli, hypertrichosis. Ili ndi la Chigiriki: hyper ndi kupyola muyeso, thrix ndi tsitsi. Limanena za cheya chochuluka paliponse pathupi, mwa mwamuna, mkazi kapena mwana, mosatengera mahomoni achimuna. Ena amabadwa nacho, ndipo mbiri yawo ndi yomvetsa chisoni. Petrus Gonsalvus wa ku Tenerife, amene nkhope yake yonse inali ndi tsitsi, anatengedwa ali mwana m'zaka za m'ma 1500 kukaperekedwa kwa Mfumu Henry II ya ku France ngati mphatso. Julia Pastrana wa ku Mexico ankayendetsedwa m'mizinda ya ku America ndi ku Ulaya kuti anthu azilipira pomuona. Atamwalira ku Moscow mu 1860 mtembo wake unaumitsidwa n'kupitiriza kuonetsedwa, ndipo anadzaikidwa m'manda kwawo ku Sinaloa mu 2013. Koma hypertrichosis yofala kwambiri ndi yobwera ndi mankhwala, monga phenytoin wa khunyu, minoxidil ndi ciclosporin. Ndipo apa pali chinthu chotikhudza: mafuta ambiri oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika amakhala ndi mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol ndi betamethasone, amene akadzoledwa kumaso nthawi yaitali amapepukitsa khungu ndi kumeretsa cheya m'masaya. Ngati alongo anu anadzolapo mafuta otere, kapena akumwa mankhwala ena alionse, adokotala auzidwe mosabisa, chifukwa zikhoza kusintha chithandizo chonse.

Ndikudziwa zimene mkazi wandevu amamva kwathu kuno. Ena amati ndi wankhanza, ena amati adzalemera, ena amafika pomunong'oneza za ufiti, ndipo ana amamuloza pamsewu. Zonsezo zilibe maziko, ndipo zimapweteka munthu amene sanalakwe kanthu. Ndevu za mkazi sizinena za mtima wake, sizimuchotsera ukazi, ndipo akazi ambiri a PCOS amabereka, ena paokha, ena ndi thandizo la mankhwala. Inu monga mlongo wawo wamwamuna mawu anu ali ndi mphamvu pabanja. Mukamva wina akuseka, musangokhala chete.

Chithandizo chilipo, koma chimafuna kudekha. Kwa mkazi amene sakufuna pakati panopa, madokotala kawirikawiri amayamba ndi mapiritsi olerera a mahomoni awiri, amene amatsitsa mphamvu ya androgens, ndipo nthawi zina amawonjezera mankhwala ena otchedwa spironolactone, amene sayenera kumwedwa ndi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati. Tsitsi limakula mozungulira nyengo zake, motero pamatenga miyezi 6 kapena kuposerapo kuti kusintha kuoneke, ndipo ambiri amasiya mankhwala pa mwezi wachiwiri poganiza kuti sakugwira ntchito. Kwa amene ananenepa, kutsitsa thupi ngakhale pang'ono kumathandiza msambo ndi shuga. Pa za kumeta, alongo anu asaope: lumo silikhuthalitsa tsitsi kapena kulichulukitsa. Limangodula tsitsi pakati pomwe ndi lonenepa, ndiye likamaphuka nsonga yake imakhala yosasongoka n'kumamveka yolimba. Chimene chimavutitsa khungu lakuda ndi tsitsi lopotana lobwerera kulowa m'khungu, limene limabweretsa tiziphuphu ndi mabala akuda, ndipo kuzula ndi chopanira kumawonjezera zimenezi. Kuotcha mizu ndi laser kumathandiza, koma pakhungu lakuda pamafunika makina oyenera, makamaka a mtundu wa Nd:YAG, ndi munthu wodziwa, apo ayi khungu limapsa.

Akamabwerera kuchipatala, alongo anu apite atalemba masiku amene anasamba m'miyezi yapitayi, nthawi imene ndevuzo zinayamba ndi mmene zakhala zikuchulukira, ndiponso atenge mabotolo a mafuta ndi mankhwala onse amene akugwiritsa ntchito. Afunse ngati adokotala akuganizira PCOS, ngati pakufunika kuyeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo anene poyera ngati akufuna mwana posachedwa, chifukwa yankho la funso limeneli ndi limene lidzasankhe mankhwala. Ngati n'kotheka asamete kapena kuzula kwa masiku angapo asanapite, kuti amene akuwayezayo aone tsitsilo mmene lilili.